Kodi nzeru zili ndi khungu?

Mu Epulo 2015, sukulu yaukachenjede ya Cape Town ku South Africa idachotsa chiboliboli cha Cecil Rhodes ophunzira atachita zionetsero kwa mwezi wathunthu. Koma mkanganowo sudathere pa chiboliboli. Udalowa m'kalasi, ndipo phunziro la filosofe, lomwe limafufuza za choonadi, chilungamo ndi khalidwe la munthu, silidapulumuke.

Mu 2017, bungwe la ophunzira a pa SOAS ku London lidapempha kuti anthu oganiza mwakuya a ku Africa ndi Asia achuluke pa maphunziro awo. Nyuzipepala zina za ku Britain zidalemba ngati kuti ophunzirawo akufuna kutaya Plato ndi Kant kudzala.

Dandaulo la ophunzirawa lili ndi gwero. Hegel, mmodzi mwa akuluakulu a phunziroli, ankaphunzitsa kuti Africa ilibe gawo m'mbiri ya dziko lapansi. Chonsecho Hegel asanabadwe n'komwe, Anton Wilhelm Amo wa ku Ghana adali atalandira kale digiri yaudokotala ku Wittenberg mu 1734, n'kumaphunzitsa filosofe ku Halle ndi Jena.

Otsutsa amati filosofe sayang'ana khungu la wolemba koma kulemera kwa mfundo zake. N'zoona. Komatu mfundo yosawerengedwa siyesedwa. Wophunzira angadziwe bwanji kuti Sophie Oluwole wa ku Nigeria adalakwa kapena adalasa poyerekeza Socrates ndi Orunmila, ngati dzina la mayiyu silimveka m'kalasi?

Njira ilipo kale. Henry Odera Oruka wa ku Kenya ankayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zanzeru n'kumatsutsana nazo monga amachitira ndi mabuku. Kuno kwathu, malemu Didier Kaphagawani wa ku Chancellor College adalemba za Leibniz, komanso adafufuza tanthauzo la liwu loti munthu pakati pa Achewa. Sadataye chimodzi kuti agwire chinzake.

Kusintha mndandanda wa mabuku pakokha sikokwanira. Mtsikana wochokera kusekondale yoyendera yakumudzi, yemwe Chingerezi chimamuvuta pang'ono, akasekedwa kamodzi sakwezanso mkono. Mphunzitsi akamulola kuyala mfundo yake m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kaye, kalasi yonse imapindula, poti mutu umodzi susenza denga.

Ambiri mwa ophunzirawa mawa adzakhala aphunzitsi, atolankhani ndi aphungu. Akatuluka m'sukulu akukhulupirira kuti kuganiza mozama n'kwa azungu okha, malamulo athu adzawapanga ndi nzeru zobwereka.