Chimbudzi chamafuta: musachinyalanyaze

Chichitikireni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, ambirife timaopa chimbudzi chamadzi chokha. Koma ngati chanu chikumatuluka chotuwa, chonona, choyandama komanso chonunkha kwambiri, n'kutheka kuti mafuta a m'chakudya akungodutsa osalowa m'thupi.

Kuti mafuta agayike, pamafunika ndulu yochokera m'chiwindi ndi timadzi ta m'kapamba. Mowa wambiri umawononga kapamba, timiyala timatha kutseka njira ya ndulu, pomwe tizilombo ta giardia, topezeka m'madzi osatetezeka, timavulaza matumbo.

Mapeto ake mumaonda ngakhale mukudya bwino, ndipo mavitamini A, D, E ndi K amaperewera m'thupi. Vutoli likamapitirira, musangogula mankhwala pagolosale. Pitani kuchipatala akapime chimbudzicho.