Kodi QuickBooks ingatsitse bilu ya akauntanti?

Sabata ino ndinapeza mwini hadiweya wina ku Limbe atakhuthulira jumbo yodzaza malisiti patebulo la akauntanti wake, ena ofufutika inki, ena othimbirira ndi oilo, kwinaku akufunsa ngati pulogalamu yolembera maakaunti ya QuickBooks ingamuchepetsere bilu. Ine ndikuti ingathe, koma ntchito yambiri igwera iye mwini. Akauntanti amalipiritsa nthawi, ndipo nthawi yochuluka imathera pa zinthu zosalira sukulu: kulemba malisiti limodzilimodzi, kuwafananiza ndi sitetimenti ya kubanki, kufufuza ngati ndalama inatuluka pa Mpamba ija inali ya simenti kapena fizi ya mwana. Mwini bizinesi akamalemba yekha zogula ndi zogulitsa tsiku lomwelo, n'kujambula lisiti pafoni lisanafufutike, akauntanti amangotsegula mabukuwo pa intaneti, kuwaunika, n'kutumiza za VAT ku MRA pa 25 pasanafike. Zikatero bilu iyenera kutsika, koma musayembekezere kuti akauntanti ndiye ayambitse nkhaniyo, yambani ndinu. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mapulogalamuwa, kaya QuickBooks kaya Xero, amalipiridwa mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja, ndipo amene anali pa geni mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akudziwa mmene mitengo yotere imadumphira. Onjezanipo bandulo. Kwa wamalonda wosakaniza ndalama za shopu ndi za ndiwo, kompyuta imangosunga chisokonezocho mwaukhondo, ndipo akauntanti adzamulipiritsabe maola onse ochimasula.