Mliri suyambira ku Ndeke House

Pa 10 Epulo 2015, unduna wa zaumoyo ku Ndeke House, likulu lake ku Lusaka, unalandira uthenga wochokera kuchigawo cha Kum'mawa woti ku Nyimba kwagwa nthenda yosadziwika bwino. Anthu 11 anali atafika kale pa makiliniki awiri akumidzi, thupi lili moto, mwanabere atatupa m'khosi. Atatu anali atatisiya. Ofufuza a unduna ndi a University of Zambia atafika anapeza odwala 21, onse a m'mudzi umodzi, ambiri ndi ana. Magazi anaonetsa mliri wa makoswe, nthenda imene ambirife timaimva m'mbiri yakale ya ku Ulaya.

Woyamba anagwidwa pa 26 Marichi. Werengani nokha masikuwo: masabata awiri athunthu Lusaka isanamve. Chonsecho nthendayi imagonja ndi mankhwala otsika mtengo, malinga wodwala wayamba kumwa msanga.

Namwino sindimuloza chala. Khalani inuyo pampando wake. Mayi wanyamuka mbandakucha, mwana ali kumbuyo. Namwino abaya kachala, adontheza magazi pa kachida koyezera, mizere iwiri ija yatuluka: malungo. Kuchigwa cha Luangwa, kumapeto kwa dzinja, ndi ana angati amene alibe malungo m'magazi? Apereka Coartem ndi Panado, mayi abwerera. Kachidako sikananame. Kungoti kamadziwa nthenda imodzi yokha, ndipo chotulukira yachiwiriyo chinali ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 300.

A m'tauni amathamangira kuseka kuti a Kum'mawa ndi mbewa zawo. Asekeni, koma kawirikawiri nthendayi imabwera ndi utitiri wa makoswe, ndipo utitiri umaluma mwana pamphasa, m'nyumba momwe mwasungidwa chimanga poopa akuba kunkhokwe.

Nkhani ya ku Nyimba ija ikanakhala sukulu yathu. Koma taonani zimene tinachita Covid-19 itafika pa 18 Marichi 2020. Tsiku ndi tsiku nduna ya zaumoyo, Dr Chitalu Chilufya, ankawerenga manambala pa ZNBC, malangizo nkumatsika: khalani kunyumba, sambani m'manja pafupipafupi ndi madzi oyenda, talikiranani. Malangizo abwino kwa wa ku Kabulonga amene ali ndi mpopi m'nyumba ndi malipiro kumapeto kwa mwezi. Nanga mayi wogulitsa nthochi pa siteji ya Nyimba, amene ndiwo zake zamadzulo zili pa windo la basi yochokera ku Lusaka? Nanga amene madzi ake onse ndi chigubu chimodzi chochokera kumjigo, chophikira, chomwa ndi chosambira? Wolemba malamulowo sanamuganizire. Atalephera kuwatsata, tinamutcha mbuli.

Pomwe anthu ankauzidwa kuti asambe m'manja, ena manja awo anali kwina. Nyumba ya Malamulo inamva za pangano la madola 17 miliyoni ndi kampani ya Honeybee, lomwe linabweretsa magolovesi ndi makondomu olephera mayeso. Mu Januwale 2021 nduna ija inachotsedwa ntchito. Katemera anayamba pa 14 Epulo 2021 ndi milingo 228,000, m'dziko la anthu oposa 18 miliyoni, ndipo pofika mu Juni mpweya wothandizira kupuma unali golide m'zipatala.

Zabwino ziliko, sindikana. Ku Petauke kwaima Kalindawalo General Hospital, ndipo amene anaperekezako wodwala ku Chipata kapena ku UTH usiku amadziwa phindu lake. Mu 2022 boma la a Hakainde Hichilema linalemba ntchito azaumoyo oposa 11,000. Koma chipatala chachikulu chimalandira mliri utakula kale. Amene amauona ukadali khanda ndi nyakwawa imene yalira maliro awiri a ana m'sabata imodzi, ndi wodzipereka wa m'mudzi amene amayenda pa njinga yakeyake popanda ngakhale ya sopo.

Kolera wa 2023 mpaka 2024 anaonetsa kuti khalidwe lathu silinasinthe. Anthu oposa 700 anamwalira, bwalo la Heroes linasanduka chipatala, sukulu m'dziko lonse zinakhala zotseka mpaka pa 12 Febuluwale. Mwana wa kwa Nyalugwe anataya mwezi wa maphunziro chifukwa cha ngalande za ku Kanyama, zomwe zinativutitsanso mu 2017 ndi 2018. Moto ukabuka timathamanga ndi asilikali ndi makamera. Ukazima tonse tulo. Kenaka mu Meyi 2025 kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka chifukwa cha kuba. Mankhwala obedwawo akasowa, sasowa ku Lusaka kumene famase ili pakona iliyonse. Amasowa kwa Luembe ndi kwa Mwape.

Komabe tisangolira ndi Lusaka, chifukwa tsopano ndalama zina zili m'manja mwathu. Thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Makomiti a chitukuko m'mawodi amakonda chinthu chooneka, chodulirapo riboni. Njinga yamoto yokhala ndi mafuta, yoti inyamule magazi kuchoka kukiliniki kufika kuchipatala cha boma tsiku lomwelo, siidulirapo riboni. Mjigo wa pakiliniki, sola yoyendetsa firiji ya katemera, foni yokhala ndi mayunitsi kwa wodzipereka uja, nazonso siziimbitsa nthungululu. Koma ndi zimenezi zomwe zingafupikitse masabata awiri aja kukhala masiku awiri. Ndipo tisaiwale kuti abale athu a ku Mozambique amadutsa njira zachidule kubwera kumaliro, kumsika ndi kukiliniki. Lamulo lotseka geti ya ku Chanida silimawaona, koma mafumu a Ndake ndi a Kalindawalo ndi nyakwawa zawo amawadziwa.

A khansala ndi aphungu a ku Petauke ndi Nyimba, mukadzabwera kudzapempha mavoti, tibweretsereni yankho ili: mwana akatupa mwanabere lero pa kiliniki yakutali kwambiri m'dera lanu, magazi ake afika liti pamalo oyezera, ndipo mafuta a ulendowo alipira ndani?