ZA MASEWERA: Yesani Zitunda Mpikisano wa Njinga Usanafike

Ndi Mtolankhani Wathu

Mwezi wa October ukayandikira, anyamata ndi atsikana a m'midzi ya Cigawo ca Kum'mawa amayamba kupukuta njinga zao ndi kufunsana za mpikisano. Pa zikondwerero za tsiku la Ufulu, 24 October, ndiponso pa zionetsero za ulimi, liwiro la njinga ndi limodzi mwa masewera amene amasonkhanitsa anthu m'mbali mwa mseu. Koma amene amapenyerera kawirikawiri adziwa cimene cimacitika. Mnyamata amene anauluka ngati mphepo poyamba amapezeka pa citunda caciwiri ali kukankha njinga yace, thukuta lili kamukamu, pamene mnzace amene anayamba mofatsa ali kumpitirira. Akulu ananena kale kuti kuthamanga sikufika.

Mlungu uno tikambirane za ulendo umene wochova njinga ayenera kuyenda pa zitunda masiku owerengeka mpikisano usanacitike. Ambiri amauyenda ulendowu, koma amauyenda mosaganiza. Ena amauyenda dzulo lace la mpikisano, nathera pamenepo mphamvu zonse. Ena amasankha mseu wa see wopanda cikweza, ndipo citunda amakakomana naco koyamba pa tsiku lenilenilo. Lamulo la ulendo umenewu ndi limodzi: mubwerere ku nyumba mukali ndi mphamvu yoti mukanatha kuyenda mtunda wina.

NCHITO YA ULENDOWU

Ulendo wokonzekera uli ndi nchito zitatu. Umadzutsa miyendo ndi cifuwa kuti zizolowere kulemera kwa cikweza. Umaphunzitsa wochova kudziwa pamene citunda ciyambira, pamene cilimbira ndi pamene cithera. Umaonetsanso matenda a njinga nthawi yokonza ikalipo. Mphamvu yatsopano siibwera m'masiku asanu. Imene munaipeza m'miyezi yapitayi, ponyamula matumba a cimanga kupita ku cigayo kapena ku msika, ndiyo imene mudzapikisana nayo. Nchito yanu tsopano ndiyo kuisunga ndi kuinola.

Ngakhale akatswiri a dziko lonse amaopa zitunda. Mu September 2025 mpikisano waukulu wa njinga wa maiko onse unacitikira mu Africa kwa nthawi yoyamba, mu mzinda wa Kigali ku Rwanda, dziko la mapiri. Amuna anachova makilomita oposa 260, ndipo zikweza zonse kuziphatikiza zinaposa mamita 5,000. Ambiri mwa amene anayamba sanatsirize. Anthu amenewa njinga zao n'zopepuka, pakuti lamulo lao limalola njinga ya makilogramu 6.8, pamene njinga zathu zonyamulira katundu zimafika makilogramu 20 kapena kuposa. Ngati iwo amayamba ayendera njira ya mpikisano kuti aidziwe, nanga ife a njinga zolemera tingalekerenji?

SANKHANI MSEU MWANZERU

Coyamba, funsani okonza mpikisano kuti njira idzadzera kuti, ndipo ndi makilomita angati. Safunsa anadya phula. Ngati njirayo ili pafupi ndi kwanu, yendani cigawo cace cimene cili ndi zitunda. Ngati ili kutali, funani mseu wa kwanu umene zitunda zace zifanana nazo. Ulendo wanu ukhale theka la mtunda wa mpikisano, kapena kupitirirapo pang'ono. Wokonzekera makilomita 40 ayende 20 kapena 25, ndipo pakhale zikweza ziwiri kapena zitatu.

Caciwiri, konzani kuti cobvuta cikhale popita, cosabvuta cikhale pobwera. Titenge citsanzo ca a ku Chipata, tauni yokhala pakati pa mapiri. Mseu wa ku Mfuwe umatsikira ku cigwa ca Luangwa. Wouyenda amakondwa popita, njinga ili kudziyendera yokha, naiwala kuti zonse zimene watsika adzazikwera pobwera, dzuwa litakwera ndi madzi atatha. Mseu wopita ku malire a Mwami, mtunda wa makilomita ngati 20, ulunjika ku malo okwera amene agawa madzi a ku Luangwa ndi a ku nyanja ya Malawi. Ndiponso m'cilimwe mphepo imakonda kucokera kum'mawa. Comweco wopita cakumeneko amalimbana ndi mphepo akali ndi mphamvu, ndipo pobwera imamkankha kumbuyo. Cobvuta ca mseu umenewu ndi malole akuluakulu opita ku Malawi, ndiye cifukwa cace muyenera kulawira m'mamawa.

A ku Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi acite cimodzimodzi ndi miseu ya kwao: ayang'ane kumene mphepo icokera ndi kumene nthaka ikwerera, nayambe kupita kumeneko. A ku Nyimba acenjere ndi mapiri a pakati pa Kacholola ndi mlatho wa Luangwa. Zikweza za kumeneko n'zazitali, makona ndi ambiri, ndipo ku cigwa kumatentha koopsa. Malo otere si oyeserapo miyendo mpikisano uli pafupi.

WERENGANI MASIKU COBWERERA M'MBUYO

Mphamvu imene miyendo igwiritsa nchito pa cikweza imacokera ku nsima, kandolo, mpunga ndi zakudya zina zotere, ndipo thupi limaisunga m'minofu monga cimanga m'nkhokwe. Munthu akachova kolimba nkhokweyo imatsika, ndipo pamafunika tsiku limodzi kapena awiri a kudya bwino ndi kupumula kuti idzalenso. Minofu imene yapweteka imatenga nthawi yoposa pamenepo. Nacifukwa cace ulendo wa zitunda uyenera kucitika masiku anai kapena asanu mpikisano usanafike.

Ngati mpikisano uli pa Loweruka, zitunda muziyese pa Lolemba kapena pa Laciwiri. Pa Lacitatu ndi pa Lacinai chovani pang'ono pa malo a see, kapena pumulani. Pa Lacisanu tulukani kwa theka la ola cabe, ndipo kawiri kapena katatu thamangitsani njinga kwa mphindi imodzi kuti miyendo isagone. M'masiku amenewa musabvomere ganyu ya kuumba njerwa kapena kunyamula matumba a makala pa njinga. Pa tsiku lenilenilo fikani msanga, muchove mofatsa mphindi 15 mluzu usanalire.

Nthawi yonyamukira nayo njofunika. Mu October dzuwa limatuluka isanakwane hafu pasiti 5, ndipo masana kutentha kumaposa madigiri 30. Nyamukani kutangoyera, pamene oyendetsa galimoto angathe kukuonani bwino, ndipo 9 koloko ikupezeni muli pa khomo.

KAKWEREDWE KA CITUNDA

Makilomita atatu kapena anai oyamba yendani ngati munthu wopita kukaceza, kufikira thupi litafunda. Mukafika pa cikweza coyamba musacithamangire. Khalani pa cishalo, manja agwire mahandulo mosaumitsa mapewa, ndipo pondani mofanana. Muyeso wace ndi uwu: ngati mungathe kulankhula mau anai kapena asanu kwa mnzanu osadukiza, muli bwino, ngati mau akukanikani, mwapitirira. Kuimirira pa zopondera kumapatsa liwiro koma kumadya mphamvu msanga, tsono kusungireni pa malo olimba kwambiri ndi pafupi ndi pamwamba. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Pa cikweza cimodzi cokha, makamaka caciwiri, yesani liwiro limene mufuna kudzayenda nalo pa mpikisano, kwa mphindi zitatu kapena zisanu. Pamenepo mudzadziwa ngati maganizo anu ndi miyendo yanu zigwirizana. Zikweza zotsalazo kwerani mofatsa. Pokwera ikani zizindikiro m'mutu: mtengo wa mango pamene citunda ciyamba kulimba, kamlatho ka pakati, culu cimene cili pafupi ndi pamwamba. Zitunda zambiri zimanyenga, pakuti munthu amaona ngati wafika, koma akakhota apeza cikweza cina cili kumdikira. Wodziwa njira amasungira cimeneco mphamvu, ndipo mpamene amasiyira anzace.

Pitani awiri kapena atatu. Koma pangananitu musananyamuke kuti lero si tsiku lopikisana. Maulendo ambiri okonzekera amaonongeka cifukwa mmodzi wapitirira mnzace, winayo wacita manyazi, ndipo mpikisano wonse wathera pa mseu wopanda openyerera ndi wopanda mphotho.

NJINGA NAYO IYESEDWE

Njinga zambiri za m'midzi mwathu, kuyambira za Eagle zimene zinali kupangidwa pa fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata m'zaka za m'ma 1980 kufikira za Buffalo za masiku ano, n'zolimba koma zambiri zili ndi giya limodzi. Kulemera kwa kuponda kumadalira mano a magiya awiri amene cheni cimazungulirapo. Tiyerekeze njinga ya magudumu a mainchesi 28, ya mano 46 kutsogolo. Ngati giya la kumbuyo lili ndi mano 18, kuponda kamodzi kozungulira kumaiyendetsa pafupifupi mamita 5.7. Ngati lili ndi mano 22, imayenda pafupifupi mamita 4.7. Loyambalo lithamanga pa see koma limathyola miyendo pa cikweza. Laciwirilo lipepuka pokwera koma anzanu adzakusiyani pa malo oongoka. Ulendo wa zitunda ndiwo udzakuuzani limene likuyenerani. Mukasintha giya, makanika aonenso kutalika kwa cheni, ndipo musinthe masiku akalipo. Dzulo lace la mpikisano musasinthe kanthu kali konse.

Cishalo cikwezedwe kufikira mwendo utatsala pang'ono kuongoka pamene copondera cili pansi. Cishalo cotsika cimapweteka maondo. Cheni citsukidwe ndi kuthiridwa mafuta pang'ono, masipoko omasuka amangidwe, matayala apopedwe molimba, ndipo keliyala ndi zina zolemera zosafunika zicotsedwe ngati malamulo a mpikisano alola. Tengani pampu, sipanala ndi zomatira chubu.

MTSETSE NDIWO UMAPHA

Cikweza cimatopetsa cabe, koma mtsetse ungacotse moyo. Musanayambe ulendo yang'anani timphira ta mabuleki onse awiri, ndipo ngati tatha gulani tina. Kuponda tayala ndi phazi kapena ndi patapata si buleki iai. Potsika gwirani mabuleki pang'onopang'ono, kugwira ndi kutaya, ndipo cepetsani liwiro musanalowe m'kona. Njinga zimene zimaima mwa kupondera m'mbuyo buleki yace imatentha pa mtsetse wautali, tsono musaikanikize njira yonse. Pa mseu wa dothi cenjerani ndi mcenga umene umasonkhana m'munsi mwa citunda, pakuti umagwira gudumu la kutsogolo ndi kumponya munthu.

Yendani ku dzanja lamanzere, mmodzi pambuyo pa mnzace. Bvalani malaya owala, ndipo amene ali ndi cisoti colimba ca pa njinga acibvale. Musagwirire lole kumbuyo kuti ikukokeni pa cikweza. Mbuzi, nkhumba, ngolo za ng'ombe ndi ana a sukulu sadziwa kuti inu muli kukonzekera mpikisano, comweco belu likhale lolira.

MADZI NDI CAKUDYA

Munthu wochova kolimba pa dzuwa angathe kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola limodzi. Tengani mabotolo awiri a madzi abwino, ndipo imwani pang'ono kawirikawiri ludzu lisanakugwireni. Thobwa losasasa nalo lithandiza. Usiku wace idyani nsima yokwanira, m'mawa phala kapena kandolo, ndipo m'thumba muikemo nthoci ziwiri. Mukabwerako idyani msanga, ndiwo zikhale ndi mcere, nyemba, nshawa kapena mazira. Mowa ndi kacasu zimaumitsa thupi, zisiyeni. Mukamva cizungulire, mutu kuwawa, kapena kuzizidwa dzuwa lili ng'aa, tsikani, khalani pa mthunzi ndi kumwa madzi. Amene wadwala malungo posacedwa ayambe waonana ndi a ku cipatala asanaganize za mpikisano.

MAU KWA MAKOLO NDI ACINYAMATA

M'nyumba zambiri njinga ndi imodzi, ndipo ndiyo imapita ku cigayo, imanyamula feteleza, ndi kufikitsa wodwala ku cipatala usiku. Mvula ili pafupi, ndipo banja limene njinga yace yathyoka foloko mu October lidzasenza mbeu pamutu mu November. Inu acinyamata, pemphani njinga mwaulemu, nenani mseu umene mudzayenda ndi nthawi imene mudzabwera, ndipo cimene caonongeka mukonze. Inu makolo, mwana akakuuzani za ulendo wace mufunseni za mabuleki, za madzi ndi za anzace opita nao. Akayankha bwino mloleni, ana akazi pamodzi ndi ana amuna, pakuti mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira kusamala njinga ndi kuyesa mphamvu zace wapindula kale kanthu, angakhale mphotho ipite kwa wina.

Tsono amene muli ndi mpikisano patsogolo, khalani pansi madzulo ano, muwerenge masiku, musankhe mseu, ndipo mawa njinga ipite kwa makanika. Mlungu wa mawa tidzakamba za kayambidwe ka mpikisano ndi za kuchova pakati pa gulu popanda kugundana.