Kodi likongwe walakwanji?

Aphunzitsi anzanga, lero ndabwera ndi dandaulo. Lachitatu lapitali anyamata a Fomu 2 anapha likongwe m'dimba la sukulu, pafupi ndi mabedi a repu. Anam'thamangitsa ndi makasu mpaka kum'panikiza pachulu. Chondiwawa n'chakuti mphunzitsi mnzathu anaima pomwepo akuwaombera m'manja, ati ameneyo ndi wakuba nkhuku.

Nkhuku zake ziti? Pasukulu pano palibe ndi khola lomwe!

Inde, likongwe amagwira anapiye. Inenso anandithera asanu chaka china, koma wolakwa ndinali ine, khola langa linali lobookabooka. Masiku ambiri iye amasaka mbewa, makoswe, abuluzi ndi ziwala. Makoswe omwewa ndi amene akutiboolera matumba a chimanga kukhitchini. Tikamaliza alikongwe tidzathamangira kumsika kukagula tameki, poizoni amene wapha agalu, nkhuku, ngakhale anthu.

M'kalasi timajambula pabolodi mmene nyama zimadyerana, ana n'kukhoza bwinobwino pa JCE, potuluka n'kutola makasu. Ndiye tikuphunzitsa chiyani?

Inu amene munadutsa m'manja mwanga, mukamuona likongwe kudimba musiyeni adutse, kakonzeni khola. Anyamata aja ndionana nawo Lolemba, piriyodi yoyamba.