Musamati nyanja ndi yaikulu

Sabata yatha tili pa mtsutso m'kalasi, ndinatchula za dothi ndi feteleza zimene mitsinje ikukokera m'nyanja ya Malawi. Mnzanga wina anandidula pakamwa: "Aise, nyanja ija ndi yaikulu. Ikadzayamba kubiriwira tidzasiya kuthiramo zonyansa, idzayera yokha." Anthu anaseka, ena n'kumati wophunzira mbiri ndi zilankhulo ngati ine ndisiyire a sayansi nkhani za madzi. Ndikulemba pano chifukwa maganizo amenewa si a mnzangayo yekha. Ndi olakwika, ndipo tikawakakamira tidzataya nyanja tikuona.

Madzi akabiriwira, ndiye kuti ndere zachuluka, ndipo ndere sizichuluka popanda chakudya. M'nyanja zambiri chakudya chimene chimaziputa ndi fosiforasi. Amene munathirapo feteleza wa 23:21:0+4S mwamugwirapo kale, 21 ija ndi yake. Amapezekanso m'zonyansa za m'zimbudzi, mu ndowe ndi m'dothi lokokoloka. Mu 1973 David Schindler anagawa pakati nyanja ina yaing'ono ku Ontario, m'dziko la Canada, ndi chinsalu. Mbali zonse anathiramo nayitirojeni ndi kaboni, koma fosiforasi anathira mbali imodzi yokha. Mbali imeneyo inabiriwira ngati msuzi wa chisoso, inayo ayi.

Chimene mnzanga uja sakudziwa n'choti fosiforasi akalowa m'nyanja sachoka msanga. Wambiri amatsikira pansi n'kugwidwa ndi ayironi wa m'matope. Ayironiyo amamugwira zolimba pokhapokha madzi apansi akakhala ndi okosijeni. Ndere zikachuluka n'kufa, zimamira. Mabakiteriya amene amaziwoletsa amamaliza okosijeni wapansipo, ayironi uja n'kumasula fosiforasi, iye n'kubwerera m'madzi kukadyetsa ndere zatsopano. Nazo zimafa, zimamira, okosijeni n'kutheratu. M'madzi osaya, ndere zochuluka zimasinthanso madziwo masana moti fosiforasi amamasuka m'matope ngakhale okosijeni alipo. Ndiye kuti ndere zikafika pochuluka, zimayamba kudzipezera chakudya kuchokera ku zimene tinathiramo kale.

Izi si zachilendo. Clifford Mortimer anazifotokoza mu 1941 atafufuza nyanja za ku Lake District ku England. Mu 2005 akatswiri amene anatsatira nyanja 35 zomwe anthu anachepetsa kuthiramo zonyansa anapeza kuti zambiri zinatenga zaka 10 mpaka 15 kuti zisinthe, chifukwa matope ankangotulutsabe fosiforasi wakale. Zaka 15, anzanga. Mwana wa Sitandade 1 amakhala ali ku koleji.

Mukaganiza kuti ndalama zimathetsa zonse, taonani nyanja ya Erie. Mu 1972 dziko la America ndi la Canada anasainirana pangano lochepetsa fosiforasi m'nyanja zawo zikuluzikulu. Anakonza malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi, anachepetsa fosiforasi mu sopo, nyanja n'kuyamba kuchira. Koma feteleza wochokera m'minda, kudzera mumtsinje wa Maumee, anabweza ndere zija. Mu Ogasiti 2014 anthu pafupifupi 400,000 a mumzinda wa Toledo anauzidwa kuti asamwe madzi a pa mpopi kwa masiku atatu, chifukwa munapezeka poizoni wa ndere wotchedwa microcystin. Anauzidwanso kuti asawiritse madziwo, poti kuwiritsa sikuchotsa poizoniyo. Iwo anathamangira madzi a m'mabotolo. Mayi wa ku Makanjira kapena ku Senga Bay angathamangire kuti? Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Ukulu wa nyanja yathu umene tikunyadirawo uli ndi mbali yake yowawa. Mitsinje yolowamo ndi yambiri, koma wotulukamo ndi umodzi, Shire. Madzi ambiri amachoka ndi dzuwa, ndipo madzi akauluka fosiforasi amatsala. Malo ena nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo kupitirira mamita 250 kupita pansi kulibe okosijeni mwachilengedwe, choncho madzi apansiwo amasunga fosiforasi wosungunuka. Mwera ukaomba miyezi yozizira, ena mwa madzi amenewa amakwera chakumwera kwa nyanja. Kumwerako n'kosaya, n'kumene kuli chambo chambiri, ndipo n'kufupi ndi Malombe. Mtsinje wa Lilongwe, umene umadutsa pakati pa likulu lathu, umathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja cha ku Salima. Ku Salima komweko n'kumene boma likufuna kuti madzi akumwa a mu Lilongwe azichokera. Zimene tikutaya mumtsinje tidzazipopanso tokha.

Wina anena kuti ndikulimbana ndi alimi. Ayi ndithu. Ine fizi yanga imachokera m'munda wa chimanga. Feteleza amene wakokoloka ndi mvula yoyamba ndi ndalama ya mlimi yomwe yapita pamadzi, ndipo palibe amene amakondwa nazo. Akalozera, udzu wa vetiva ndi mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje zimathandiza thumba la mlimi ndi nyanja yomwe. Amene ndikulimbana nawo ndi akuluakulu amene amawerenga matumba a feteleza amene agawidwa koma safunsa kuti dothi lothiridwalo likupita kuti, amene amalola mapiri kumetedwa mpala, ndi amene amaona madzi a m'zimbudzi akuthira mumtsinje n'kuyang'ana kumbali. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017 lilipo. Kulemba lamulo n'kosavuta, ntchito ili pa kulitsata.

Sindikunena kuti nyanja ya Malawi yafika pa Erie. Madzi ake ambiri akadali oyera, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndi ya lero. Kuteteza dothi kumtunda tingakwanitse ndi makasu athu omwewa. Kuchotsa fosiforasi pansi pa nyanja yaikulu chonchi, ngakhale mayiko olemera sangathe. Mnzanga uja akuti tidikire nyanja ibiriwire kaye. Tsiku limenelo likadzafika, chakudya cha ndere cha zaka zambiri chidzakhala chili kale m'matope, ndipo asodzi ndi amene adzayambe kulipira.