Nkhalango ya pa Lingadzi ndi yathu, tiyeni tikaipondemo

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikukwera minibasi kuchoka ku Old Town kupita ku City Centre, koma ndivomere kuti mitengo ija timaiona pawindo mumsewu wa Kenyatta ndinkangoiyesa tchire loyembekezera kugawidwa mapuloti. Loweruka lina mwana wa mlongo wanga, yemwe ali Sitandade 6, adandiumiriza. "Amalume, aphunzitsi akuti muli ng'ona mmenemuja. Tiyeni tikaone." Ndidapita monyinyirika.

Malowa ndi Lilongwe Nature Sanctuary, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 180 imene mtsinje wa Lingadzi umadutsamo usadakathire mumtsinje wa Lilongwe. Mmenemo mulinso Lilongwe Wildlife Centre, yomwe idayamba mu 2007 kusamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa anthu ozigulitsa mozemba. Tinjira take ntosavuta. Palibe phiri loti munthu achite wefuwefu. Agogo ndi mwana akhoza kuyenda limodzi.

Titangoyenda pang'ono phokoso la magalimoto lidazilala, nkuyamba kumveka mbalame ndi madzi. Apusi adatiyang'ana ali m'mitengo ngati tili nawo ngongole. Pokhota pena mbawala idaima chilili, kenaka nkulowa m'tchire. Ng'ona sitidaione, ndipo mphwangayo adakhumudwa, koma ndidamuuza kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Chimene chidandiwawa nchakuti anthu amene tidakumana nawo ambiri adali azungu ndi mabwana obwera pagalimoto, monga a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43. Ife a ku Kawale, Mchesi, Biwi ndi Chinsapo tili kuti? Kodi mthunzi nawonso uli ndi mayadi ake?

Ndikudziwa chimene ena anene. Mnzanga wina adandiseka, amvekere: "Iwe, ine ndimayenda wapansi tsiku ndi tsiku chifukwa chosowa ya minibasi, ndiye ndikalipirenso pageti kuti ndikayende?" Sakunama ayi. Munthu amene m'nyumba mwake mulibe ufa sungamuuze za mbalame. Koma abale anzanga, si tonse amene tikusowa ndalama yapageti. Ambirife timaipeza ya mowa ndi ya mpira. Chimene chatimanga ndi maganizo akuti kuyenda m'nkhalango ndi zachizungu, pomwe makolo athu ndiwo ankadziwa dzina la mtengo uliwonse ndi matenda amene umachiza.

Nkhaniyi si yongopitako mphepo chabe. Nkhalango imene eni mzinda saidziwa ilibe woilirira. Likulu lidasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo okonza mzindawu adasiya dala malowa pakati pa tauni yakale ndi yatsopano. Kuyambira pamenepo mzinda wakula, malo asanduka golide, ndipo maso a anthu andalama sagona. Tidaona mu 2021 mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ikugwetsedwa kuti msewuwo ukule. Anthu adadandaula, koma mitengo idali itagwa kale. Madzi akatayika saoleka.

Tayang'anani phiri la Ndirande ku Blantyre, mmene lidametedwera mpala m'zaka za m'ma 1990. Tayang'anani Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe womwe timamwa, mmene makala aidyera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngakhale pa Lingadzi pomwepo ndidaona majumbo ndi mabotolo atakodwa m'mizu ya mitengo, zinyalala zathu zomwe zotsika ndi madzi kuchokera kumtunda.

Tsono pempho langa nali. Aphunzitsi, musamangojambula mbawala pabolodi pomwe yamoyo ili kuseri kwa sukulu. Tengani ana mukawaonetse. Mipingo, magulu a amayi ndi achinyamata amene mumachita hayala basi mpaka ku Salima, tayambani mwaona za pakhomo pano. Oyang'anira malowa aganizireko masiku apadera oti mabanja a m'makomboni azilowa pamtengo wotsika. Khonsolo ya mzinda ndi aphungu athu atitsimikizire poyera kuti palibe ngakhale phazi limodzi la nkhalangoyi limene lidzasanduke puloti ya munthu.

Pobwerera, mphwanga uja adatola munga wa nungu nkundifunsa ngati akadzakula adzabweretse ana ake. Ndidamuyankha kuti inde, koma mumtima ndidadziwa kuti yankho lenileni lili kwa ife akuluakulu. Ng'ona ija tikaifunanso mwezi wamawa. Amene mukufuna, tikapezane pageti.